Mbalame za ku Chilwa zilibe wozinyamula pa lole

Sabata yathayi kuno ku Joni kunatentha moti ngakhale eni dziko amangopukusa mitu, ndipo madzi m'mipopi anali atasiya kutuluka kwa masiku awiri, zomwe tayamba kuzizolowera masiku ano. Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Northcliff, nyumba imodzimodzi chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, nde pakapinga pa abwana pali kambale kasimenti komwe timathiramo madzi oti mbalame zizimwa ndi kusamba. Tsiku limenelo kambaleko kanali gwa. Cha m'ma 2 koloko ndikusadza maluwa a kumpanda ndinangoona atchete atatu atera m'mphepete mwake, kukamwa kuli yasa, mapiko atagwera pansi ngati nkhuku ya chitopa. Osalira, osathawa, ine ndili pompo ndi sizasi m'manja. Ndinakatenga botolo langa la madzi akumwa lomwe ndimachoka nalo ku Cosmo City m'mawa nkuthiramo theka, ndisanatseke nkomwe botololo atchete aja anali atalowa kale m'madzimo, kenako kunabwera njiwa ziwiri, kenako chimbalame chaphokoso chija amati hadeda, chomwe chimatidzutsa tonse m'bandakucha, chinabwera mwakachetechete nkumwa ngati mlendo.

Ndinakhala pansi pa mthunzi kaye. Mtima unandipita kumudzi.

Ine kwathu ndi ku Zomba, kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa. Bambo anga anali msodzi, ndipo nsomba zikavuta amatchera mbalame m'madambo, nde ndinene poyera kuti ine ndakula ndi ndiwo za mbalame, fizi yanga ya ku sekondale inachokera ku matemba ndi mbalame zootcha zomwe amayi amakagulitsa pa msika. Sindikulemba izi ngati munthu woyera m'manja amene nyama amangoziona pa TV ayi. Ndikudziwa kulemera kwa bakha wa m'madzi ukamunyamula m'miyendo, ndikudziwa fungo la nthenga zowauka.

Amene simunafikeko, Chilwa si nyanja ngati ya Malawi. Ndi yosaya, malo ambiri munthu amayendetsa bwato ndi mponda basi, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amalowa kudzera mu Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, koma kutuluka kwake ndi dzuwa lokha, amangouluka. Nde mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana, nyanja imabwerera m'mbuyo anthu akuona. Kuzungulira konse ndi njedza, ndipo mkati mwa njedzamo ndi momwe asodzi amamanga zimbowera, tinyumba toyandama tomwe amagonamo miyezi osaponda kumtunda. Mu njedza momwemonso ndi momwe mbalame zimaikira mazira, akakowa, atsekwe, abakha, ndi zina zambirimbiri zomwe ife timangozitchula maina a kwathu, ndipo zina mwa izo ndinadzamva nditakula kuti zimachokera ku Europe kuthawa chisanu, kuuluka mtunda wonsewo kudzatera pa dambo lomwe ine ndimasewerapo ndili mwana. Nchifukwa chake mu 1996 nyanjayi inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar, yoyamba m'Malawi muno. Ndikuti m'Malawi muno ngati ndili konko, mundimvetse, thupi lokha ndi lomwe lili ku Joni.

Agogo anga aamuna amakonda kusimba za 1968 pomwe nyanja inaphwa, amati anthu amayenda pansi kupita pa chilumba cha Chisi. Bambo anga amasimba za 1995. Nkhani zimenezi zimakambidwa ngati za kamodzi pa moyo wa munthu, chinthu choti ukachiona uli mnyamata udzafotokozera adzukulu. Koma ine ndekha, munthu woti sindinafike zaka 40, ndaona madzi akuthawa mu 2012, ndaonanso mu 2018. Cha 2018 chimenecho ndinapita kumudzi kumapeto kwa chaka, ndinatsika basi ku Blantyre nkukwera minibasi ya ku Zomba, mawa lake achimwene ananditenga pa njinga mpaka pa Kachulu. Abale inu. Maboti ali ngundangunda pa matope ong'ambika, ena atawavundikira, maukonde ataunjikidwa pansi pa mtengo, mphepo ikungonyamula fumbi loyera lamchere kuchokera pomwe panali madzi. Achimwene anandilozera bwato la malemu bambo athu lili chogona cham'mbali, thabwa limodzi litatseguka ndi dzuwa moti dzanja limalowa. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi bata lake. Pa Kachulu m'mawa pamakhala phokoso la mbalame losamvana nalo, tsiku limenelo kunali zii.

Ndinawafunsa kuti achimwene, mbalame zapita kuti? Anandiyang'ana nkunena kuti, iwe mphwanga, zina zathawa, zina tadya. Ukufuna ana adye chani?

Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero, ndipo ndi pomwe pali nkhani yonse kwa ine. Nyengo ikasokonekera, nyama imamenyedwa kawiri. Koyamba imamenyedwa ndi dzuwa lenilenilo, madzi aphwa, matemba ndi makumba afa, milamba yakwiririka m'matope, mbalame yasowa chakudya ndi poikira mazira. Kachiwiri imamenyedwa ndi ife, chifukwa msodzi amene dzulo amapha nsomba lero alibe chochita, nde onse amathamangira mbalame zomwe zaunjikana pa timadzi totsala, zosavuta kugwira chifukwa zilibe kwina kopita. Ena amatentha njedza kuti alime mpunga pomwe pali chinyontho, ena amakwera phiri kukaotcha makala, mitengo ya m'mbali mwa mitsinje nkutha, mvula ikabwera dothi lonse nkukokolokera m'nyanja yomwe ndi yosaya kale. Palibe mwa anthu amenewa amene amadana ndi mbalame. Ndi njala.

Nde tinkapempha mvula, eti. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy, aliyense wa ife kuno amakumbukira usiku womwe timangoimba mafoni osalowa, ma gulupu a WhatsApp atadzaza zithunzi za ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, anthu oposa 1,000 anapita. Pa nthawi ngati imeneyo palibe amene angafunse za mbalame ndipo nkoyenera, timalira anthu. Koma patapita miyezi achimwene anandiuza kuti madzi anadzaza mpaka kulowa m'minda ndi m'nyumba za m'mphepete, zisa zomwe zinali mu njedza zinamira zonse, ng'ona zinayamba kupezeka malo omwe ana amatungapo madzi. Chaka chotsatira chomwecho, 2024, El Niño, chimanga chinapserera chisanamasule, boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Chaka china madzi osefukira, chaka chinacho ng'amba. Munthu amatha kuthawira ku Joni ngati ine. Nanga kakowa amene thupi lake limadziwa kuti mwezi wakuti ndiikire mazira chifukwa madzi amakhala afika pakuti, iyeyo adziwa bwanji kuti kalendala yasintha?

Chaka cha 2024 chomwecho ndi pomwe nkhani ya njovu inatentha. Ndinaimva koyamba pa wailesi ya kukhitchini kwa adona ndikumwa tiyi pakhomo, kuti dziko la Namibia lalamula kupha nyama zakutchire 723, mwa izo njovu 83, kuti nyama yake igawidwe kwa anthu anjala, kenako Zimbabwe nayo inati ipha njovu 200. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, kumapeto kwa 2023, njovu zosachepera 100 zinali zitafa ndi ludzu ku Hwange, paki ya ku Zimbabwe komweko yomwe ilibe mtsinje waukulu wodalirika ndipo nyama zake zimamwa madzi opopedwa m'mijigo. Njovu yaikulu imodzi imatha kumwa malita pafupifupi 200 pa tsiku, tangoganizani ma baketi khumi a 20 lita, nde mvula ikachedwa mwezi umodzi wokha zoyamba kugwa ndi tiana ndi nkhalamba. Ku Botswana mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa cha ku Okavango, ofufuza anapeza kuti ndi poizoni wa ndere zomwe zimachuluka m'madzi osayenda akatentha. Ngakhale konkuno ku Kruger, paki yandalama zake, chilala cha 2015 ndi 2016 chinapha mvuu ndi njati zambiri, mpaka oyang'anira analengeza kuti aombera zina pafupifupi 350 poona kuti msipu sukwanira.

Lamulungu lake titatuluka mu tchalitchi tinakangana nkhani imeneyi pa geti pafupifupi ola lathunthu. Bambo ena a ku Nsanje amati zipheni basi, anthu adye, azungu amalira njovu koma mwana wa munthu akamagona ndi njala salira. Mtsikana wina wophunzira ku yunivesite amati kupha njovu 200 sikuthetsa njala ya anthu mamiliyoni, ndi nyama ya sabata imodzi, chilala chikabweranso mudzapha chani? Ine ndinangokhala chete nthawi yaitali chifukwa onse awiri ndimawamva. Bambo ajawa amanena zomwe achimwene anandiuza pa Kachulu. Koma maganizo anga ndi oti mtsikana uja amalondola, ndipo ndimanena izi ngati mwana wa wosaka. Bambo anga ankati mbalame ya pa mazira sagwira, osati chifukwa cha chifundo chokha koma chifukwa chaka chamawa udzafunanso ndiwo. Tikayamba kuona nyama zakutchire ngati nkhokwe yotsegula chilala chikafika, pomwe chilalacho chikubwera pafupipafupi chonchi, nkhokweyo siichedwa kuoneka pansi.

Kwathu pa nkhani ya mapaki tachitako bwino ndipo ndimanyadira ndikamawauza anzanga a kuno. Majete inali itatheratu, bungwe la African Parks litalowamo mu 2003 anabwezeretsa zipembere, njovu, kenako mikango mu 2012. Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, kuzibaya jekeseni wogonetsa kuchokera mu helikopita, kuzikweza ndi kireni miyendo ili m'mwamba, kuziika m'malole. Mu 2022 zinanso 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Ndinaonera ma vidiyo ake pa YouTube mpaka data kutha. Ndi ntchito yaikulu ndithu. Koma anthu okhala m'mphepete mwa paki ya Kasungu, mbali ya kwathu ndi mbali ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za njovu zolowa m'minda ndipo miyoyo ya anthu yatayika, ndipo ine ndikamva zimenezo ndimaganiza za mayi amene walima chaka chonse, mvula yavuta, watsala ndi kachigawo kamodzi ka chimanga, usiku umodzi njovu nkudzamaliza. Mukamuuze mayi ameneyo za kuteteza zachilengedwe muone ngati akumvereni. Mpanda wa magetsi umatchinga wopha nyama mozemba, umatchingako njovu, koma dzuwa silitchingika ndi waya. Kunja kukauma mkatinso mwauma, ndipo njovu yanjala imathyola.

Chinanso chomwe ndinaphunzira kwa mpongozi wa abwana, amene amakonda za kutchire ndipo timacheza akabwera, nchoti kungokumba mijigo m'paki si yankho lophweka ngati momwe ine ndimaganizira. Ku Kruger kale anakumba mijigo yambiri malo ouma poganiza kuti akuthandiza nyama, mapeto ake mbidzi ndi nyumbu zinakhamukira kumeneko, mikango nkutsatira, agwape akuluakulu otchedwa achilembwe omwe amakhala malo oumawo mwamtendere nkuyamba kutha, mpaka anayamba kutseka mijigo ina. Zinandidabwitsa. Ndinakumbukira kambale kanga ka atchete kaja, kuti madzi omwewo ukawaika malo olakwika, pafupi ndi chitsamba chomwe mphaka amabisalamo, wawaitanira imfa. Tsiku lomwelo ndinakasuntha nkukaika poyera.

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinatenga mwana wanga wamkazi, ali ndi zaka 9 ndipo anabadwira konkuno, kupita naye ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort. Kumeneko kuli mathithi, ndipo pa thanthwe la pambali pa mathithiwo pali chisa cha ziwombankhanga zakuda, zazikulu, zokhala ndi choyera kumsana. Panali anthu ongodzipereka ataimika makina oonera patali, gogo wina wachizungu anamunyamula mwana wanga kuti diso lifike. Anakuwa kuti adadi, ndaona kamwana kake! Gogoyo anatifotokozera kuti mbalamezi chakudya chake chenicheni ndi mbira za m'mapiri, koma poti tauni yazungulira phirilo mbali zonse ndipo mbira zachepa, zinaphunzira kugwira nkhanga ndi nkhwali. Anthu amalipira pa geti kudzaona mbalame ziwiri. Ziwiri zokha, ndipo pali anthu amene amazilondera, kulemba tsiku lomwe zaikira dzira, kulimbana ndi omanga nyumba kuti asafike pa phiripo.

Pobwerera mu taxi mwana uja anandifunsa kuti kumudzi kwa agogo kuli mbalame ngati zimenezi? Ndinamuuza kuti kwathu kuli nkhwazi, yomwe ili pa chizindikiro cha dziko lathu, kuli mbalame zoti zikadzuka pamodzi dzuwa limabisika. Nditanena choncho ndinadzifunsa ngati ndikumuuza za lero kapena za nthawi yomwe ine ndinali msinkhu wake.

Apa ndi pomwe pamandiwawa. Njovu ili ndi helikopita, ili ndi lole, ili ndi mabungwe a kunja ndi makamera. Ziwombankhanga za ku Roodepoort zili ndi agogo ozilondera. Sindikuchitira nsanje, zikuyenera. Koma matemba a ku Chilwa, achule a m'dambo, akakowa a mu njedza, palibe amene adzabwere ndi kireni kudzawasamutsa nyanja ikadzaphwanso. Chitetezo chawo chonse ndi mitengo ya m'phiri la Zomba ndi la Mulanje yomwe imagwira madzi kuti mitsinje isaume msanga, ndi maiwe a m'mitsinje momwe nsomba zimabisala nyanja ikauma nkudzabwereranso madzi akabwera, ndi munthu wa pamudzi amene wakhuta mokwanira kuti aone mbalame ili pa mazira nkuidutsa. Chilwa imadzukanso ikaphwa chifukwa cha timaiwe timeneto, bambo anga amanenetsa kuti wothira mankhwala ophera nsomba mu dziwe la mu Likangala nthawi ya chilala wapha nyanja yonse ya mawa. Makomiti a m'mphepete mwa nyanja alipo, a asodzi ndi a osaka mbalame omwe, amaika nyengo yotseka ndi malo osaloledwa kutchera, ndipo mvula ikagwa bwino anthu amamvera ndithu. Chaka cha njala malamulo amenewa amangotsala m'kaundula wa amfumu.

Ndikudziwa wina anena kuti nanga ife tinalakwa chani, utsi wotenthetsa dzikoli si wathu. Zoona, Malawi utsi wake ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi maiko olemera, ndipo amene anawononga kwambiri akuyenera kulipira, osati mwachifundo koma ngati ngongole. Ngakhale dziko lino lomwe tikudyamo, magetsi ake ambiri amachokera ku malasha a ku Mpumalanga, foni yomwe ndikulemberayi ndatchaja ndi magetsi omwewo. Koma podikira kuti akuluakulu amvane ku misonkhano yawo, nyanja ija sikudikira.

Nde chomwe ine ndinakwanitsa ndi chaching'ono. Chaka chatha ndinakhala pa foni ndi achimwene nthawi yaitali, ndinawapempha mwaulemu, poti ndi akulu ndipo ndi iwo akusunga amayi, kuti miyezi yomwe mbalame zikuswa asamatchere, ndipo mwana wawo wamkulu asiye zokwera phiri kukaotcha makala, ine ndiziwonjezera kangachepe pa ndalama yomwe ndimatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi. Poyamba anakhumudwa, anati ndiye kuti wapita ku Joni wasanduka mzungu, ukutigula? Ndinawauza kuti ayi achimwene, ndikubweza ngongole ya fizi yanga, mbalame zija zinandiphunzitsa sukulu. Anakhala chete, kenako anati chabwino, tiyese chaka chimodzi. Ndalama yowonjezerayo ndi ya ganyu ya Loweruka yomwe ndimakatchetcha kapinga ku Randpark Ridge, siyambiri, ndipo sindikunama kuti banja limodzi lisintha nyanja yonse. Koma ife a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe tilipo angati kuno ku Joni? Mu Cosmo City mokha, ku Diepsloot, ku Mayfair, ku Rosettenville, tikamatumiza ndalama timafunsa za malata, za feteleza, za fizi. Ndi kangati tinafunsapo kuti kodi dambo lija lilipo, mitengo ya kumtsinje ija ilipo?

Anyamata anzanga atatu a m'magadeni a mu msewu wathu, awiri a ku Mangochi mmodzi wa ku Mzimba, ndinawauza za atchete aja pa nthawi ya lanchi, pano aliyense amasiya kabeseni ka madzi poyera asanaweruke, ndi kamwala mkati kuti njuchi zikagweramo zizitha kutuluka. Wa ku Mzimba uja anati kwawo madzi amasiyira nkhuku zokha, koma akuchita.

Dzulo usiku achimwene ananditumizira voice note ya mphindi imodzi ndi theka. Sanalankhule kanthu koyambirira, amangoyenda, ndimamva mapazi awo m'matope ndi mphepo ikuomba pa foni, kenako phokoso lija, atsekwe, akakowa, tina tolira ngati wezulo, zonse pamodzi. Kumapeto anangoti, wamva mphwanga? Ndili kuseri kwa Kachulu, kuli zisa khumi ndi ziwiri pomwe ndaima pano, sindinakhudze. Umuuze mwanayo.

Ndamumvetsera m'mawa uno akuvala yunifomu, waibwereza katatu, akuti ndimufunsire kwa atate ake aakulu kuti mazirawo ndi amtundu wanji.